Mapazi a Namgumi

A malume anga, alongo awo a amayi, anali ndi lamulo limodzi pa ntchito yojambula zithunzi: osadula mapazi. Munthu akafika ku situdiyo kwawo, pa katauni ka kwathu, ankamuimika pambali pa mphika wa maluwa a pulasitiki, iwo n'kumabwerera cham'mbuyo mpaka munthuyo atakwana yense m'kamera, kuyambira tsitsi mpaka chidendene. Ankati mutu aliyense amabadwa nawo, koma nsapato munthu amachita kuvutikira, ena amachita kubwereka kwa alamu awo m'mawa wa tsiku lojambulitsa. Ndiye wojambula amene wadula mapazi wam'bera munthu nsapato zake. Anthu ankaseka akamva zimenezi, koma chithunzi chikatsukidwa maso awo ankathamangira pansi kaye asanaone nkhope.

Ine ndinakulira m'situdiyo imeneyo. Ndinayamba ndi tsache, kenako ndinkagwira nsalu ya kumbuyo kuti isauluke ndi mphepo, kenako anandipatsa kamera yeniyeni, anthu akudabwa kuti mwana wamkazi akufunanji pa ntchito ya amuna. Pakhomo pa situdiyo panali bolodi ya galasi, mmene a malume ankaikamo zithunzi zimene zawakomera koposa: akwati, ana a ubatizo, aphunzitsi atsopano atamanga tayi. Anthu ankaima pamenepo n'kumaloza abale awo. Changa sichinalowemo ngakhale chimodzi. Nditakula, nditaphunzira ntchitoyi kukoleji, nditapeza ntchito ku Nairobi, ndinkawatumizirabe zithunzi zanga zimene ndinkanyadira. Yankho linali lomwelomwelo chaka ndi chaka: "Kamera imeneyi ndi yabwino, mphwanga." Kamera! Ngati kuti kamerayo imadzuka yokha m'mawa n'kukakwera matatu, minibasi za ku Nairobi kuno. Zinkandipweteka, sindibisa.

Kuno ku Nairobi ndimagwira ntchito ku bungwe lina la mipingo lothandiza anthu pa chilala ndi pa madzi osefukira. Ndimajambula mijigo, mbuzi zogawa, ana m'makalasi atsopano, mabwana akugwirana chanza n'kumayang'ana kamera m'malo moyang'anana okhaokha. Timakhala ku Embakasi, ine ndi amuna anga, m'nyumba ya m'mwamba, pamene ndege zimadutsa chapafupi moti nkhani imayamba yaima kaye mpaka phokoso litatha.

Chaka china bungwe lathu linapemphedwa kutumiza wojambula mmodzi pa ulendo wa sitima ya pamadzi, kumpoto kwenikweni kwa dziko la Norway, kumene nyanja imaundana. Ankafuna anthu ochokera m'maiko amene mvula yasokonekera, akaone okha mmene madzi oundana aja akusungunukira ndi mmene nyama za kumeneko zikukhalira. Anasankha ine. Ndinganame nditati ndinadzichepetsa. Ndinayenda mapewa ali m'mwamba, ndipo ku tchalitchi kwathu ku Kahawa, kumene Amalawi timakumana Lamlungu, panalibe amene sanamve, ngakhale amene sanafunse n'komwe.

Nthawi imeneyo a malume anali kwathu ku Embakasi. Tinawaitanitsa kuti adzaonedwe maso, chifukwa anali atayamba kugunda mipando m'nyumba mwawo momwe. Tinkayesa ndi ng'ala yoti n'kupala. Adokotala anati ayi, ndi matenda amene amadya maso pang'onopang'ono kuyambira m'mbali, ndipo mankhwala odontheza angachedwetse mdimawo koma sangaubweze. Pobwerera, m'matatu, a malume anadandaula njira yonse za kondakitala wopanda ulemu, za maso osatchulako.

Nditawauza za ulendo wanga, funso lawo linali limodzi.

"Kumeneko namgumi aliko?"

"Akuti aliko, malume."

"Ine chinsomba chimenechi ndachilalikira zaka zonsezi ngati mkulu wa mpingo. Yona ndam'mezetsa, ndam'lavulitsa, koma chinsombacho sindinachionepo. Zithunzi za m'mabuku zija n'zolemba pamanja, zabodza. Ukandijambulire chenicheni ndichione maso angawa asanaweruke. Koma chonse, wamva? Osadula."

Ndinati ndamva. Mumtima ndinadziwa chimene chinali pamenepo. Ngati chithunzi changa sichiwagwira mtima ulendo uno, sipadzakhalanso ulendo wina, ndipo ndidzakhala mwini kamera yabwino mpaka imfa yanga.

Za kuzizira kwa kumeneko sindinenapo zambiri, chifukwa palibe amene amakhulupirira. Juni wa ku Dedza ndi masewera a ana. Ndinagula majekete pa kaunjika, amene kuno amati mitumba, n'kuwavala onse nthawi imodzi, ndipo ndinkayenda m'sitimamo ngati thumba la makala. Dzuwa silinkalowa, linkangozungulira m'mwamba, moti thupi linasiya kudziwa nthawi ya kugona ndi ya kudya. Mabatire a kamera ankafa ndi kuzizira asanagwire ntchito, ndiye ine ndinkawasunga pachifuwa, pamene amayi a kwathu amasunga foni. Mphunzitsi wathu wa zojambula m'sitimamo, mayi wina wa komweko wa tsitsi la imvi amene wajambula nyama zimenezo moyo wake wonse, ataona nzeru yangayi anauza onse kuti atengere kwa ine. Azibambo a m'gulu lathu anavutika kupeza poika.

M'mawa uliwonse ankatitsitsa m'sitima n'kutikweza timaboti ta mphira, tokhala ndi injini kumbuyo. Umakhala m'mphepete mwa kabotiko, mapazi m'kati, kamera pachifuwa, madzi ozizira akukuwaza kumaso. Kujambula pamenepo n'kwina. Kaboti kakugwedera, nyama ikuyenda, manja akunjenjemera, ndipo magolovesi akukulepheretsa kumva batani. Ukawavula, zala zimauma osakupempha. Lenzi yaitali imalemera, ndipo ukaiyang'anira nthawi yaitali mafunde akukwera n'kutsika, chakudya cha m'mawa chimafuna kubwerera kumene chachokera. Ndinasanza masiku oyamba, ndipo sindinali ndekha.

Vuto langa lenileni silinali nseru. Linali a malume, amene ndinawanyamula m'mutu kuchoka ku Embakasi. Katumbu wa m'nyanja akatulutsa mutu m'madzi, anzanga onse makamera ali thethethe ngati makina osokera. Ine phee, chala pa batani, ndikudikira kuti nyamayo ituluke yonse, iime bwino, indiyang'ane. Nyama ya m'nyanja sidziwa zimenezo. Imakusuzumira n'kumira, basi. Ndinkabwerera m'sitima ndi zithunzi zowerengeka, anzanga atadzaza makadi a m'makamera awo.

Masana tikatha kudya tinkasonkhana m'chipinda chodyeramo, aliyense n'kupereka zithunzi zake zingapo, mphunzitsi n'kumaziwalitsa pakhoma chimodzichimodzi. Mayiyo sankadziwa kupsatira mawu. Wina anamuuza kuti wajambula madzi abwino kwambiri, koma nyama waiiwala. Wina anamufunsa ngati mbalame yake inali ndi mutu pamene ankaiona. Chitafika changa, anapendeketsa mutu wake.

"Nyanja yako yapendekeka," anatero m'Chizungu. "Madzi onse atayikira kumanzere. Ukamajambula uli m'boti, diso limodzi lizikhala pa nyama, lina pa mzere umene nyanja imakumana ndi thambo."

Zimenezo ndinavomera, chifukwa zinali zoona. Koma tsiku lina anawalitsa chithunzi changa cha nyama ina yonenepa, ya mano awiri aatali ngati minyanga, imene amati wolirasi. Inagona pa chigumu cha madzi oundana, ndipo ine ndinaijambula yonse, kuyambira ndevu mpaka zipsepse za kumbuyo, malo n'kutsalako m'mbali.

"Bwanji umaima kutali chonchi?" anafunsa. "Lenzi uli nayo. Yandikira. Nkhope yokhayo ndi mano, zinazo dula."

Mawu oti dula anandilasa. Ndinaimirira, ndipo amene amandidziwa akudziwa kuti ndikaimirira sindikhala pansi msanga. Ndinawafotokozera za situdiyo ya kwathu, za nsapato zobwereka, za wojambula wakuba. Chipinda chonse chinaseka, mphunzitsinso anaseka mpaka kupukuta misozi. Kenako anati a malume anga ndi munthu wanzeru, ndipo chithunzi cha wolirasi chikhale momwemo. Koma anawonjeza mawu amene sindinawakonde.

"Namgumi sadzakuimirira. Amalumpha yense nthawi zina, koma pali anthu akalamba pa nyanja ino osaona zimenezo. Chimene angakupatse, landira."

Kwathu timati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Mwambiwo ndinkaudziwa, koma ndinkadziwanso wina woti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndinasankha wachiwiriwo chifukwa ndi umene unkagwirizana ndi liuma langa.

Kudekhako kunandilipira tsiku la chimbalangondo choyera. Tinachiona chikuyenda m'mphepete mwa madzi oundana, kaboti kathu katazimitsa injini, tonse tili chete. Anzanga anathamangira nkhope. Ine ndinadikira, zigongono nditazikanikiza pa mawondo, mpweya nditaugwira, ndikuwerenga mafunde kuti ndidine pamene kaboti kafika pamwamba n'kuima pang'ono kasanatsike. Chimbalangondocho chinafika pa nsonga, chinaima, n'kutembenuka kutiyang'ana, miyendo yonse inayi ili poyera. Ndinadina. Masana ake mphunzitsi anachisiya pakhoma nthawi yaitali, kenako anati nyanja yanga yasiya kutayika. Kwa mayi ameneyo amenewo anali mawu aakulu, ndipo ndinadya chakudya chamadzulo ndikumwetulira ndekha.

Koma namgumi sanaoneke. Ulendo unkapita kumapeto, ndipo m'mawa uliwonse ndinkakwera kaboti mtima uli m'mwamba. Tsiku limene anabwera kunali nkhungu, thambo ndi nyanja zonse zili mbee. Tinayamba ndi kumumva. Kunamveka kupuma kwakukulu, fuuu, kenako kafungo ka nsomba zoola kanatipeza. Woyendetsa kaboti anazimitsa injini. Pafupi nafe, pafupi kwambiri moti ndinatchula dzina la Yesu mokweza, madzi anatseguka n'kutuluka msana wakuda, wautali kuposa kaboti kathu kangapo, ukudutsa pang'onopang'ono osatha. Makamera a anzanga anayamba kusoka. Ine ndinadikira mutu. Mutu sunabwere. Msana unamira, unatulukanso patsogolo, unamiranso. Ndinkalankhula naye m'Chichewa, ndikuti tulukani achimwene, tulukani nonse, pali munthu akukudikirani ku Embakasi. Sanamve.

Kenako msana uja unapindika kwambiri, ndipo mphunzitsi ananong'ona kuti akupita pansi, sabweranso. Mchira unadzuka m'madzi, waukulu, wakuda bii, wa nthambi ziwiri, madzi akuyenderera m'mphepete mwake. Sindikumbukira nditaganiza. Chala chinadina chokha, kamodzi. Mchira unalowa m'madzi mwakachetechete, nyanja n'kutsekeka ngati sipanachitike kanthu.

Anzanga anakuwa ndi chimwemwe. Ine ndinalira, ndipo ankayesa ndi misozi ya chisangalalo. Unali mkwiyo. Ndinayenda ulendo wonsewo, ndinasanza, ndinauma zala, n'kukabwerako ndi mchira. Masana ake mphunzitsi anati chimenecho ndicho chithunzi changa chabwino koposa zonse: chakuthwa, nyanja yowongoka, kumbuyo koyera kopanda chosokoneza diso. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinkangomva mawu a a malume akuti wadula mutu, wadula thupi, watsala ndi chiyani.

Nditabwerera ku Nairobi zinthu zinandiyendera bwino. Zithunzi zanga ziwiri, cha chimbalangondo ndi cha mchira, anazikulitsa n'kuzipachika pa chionetsero ku nyumba ina ya akazembe ku Muthaiga, anthu a masuti akuima patsogolo pake ndi matambula m'manja. Ndinavala chitenje changa chabwino, ndinayankha mafunso, ndinanyada mokwanira. A malume sindinapite nawo. Ndinawauza kuti kuli masitepe ambiri. Masitepe analikodi, koma chimene ndinkaopa chinali mchira uja pakhoma.

Iwo sanandifulumize. Anangoti zithunzi za pa foni ndi pa kompyuta si zithunzi, ndikatsukitse pa pepala ndiye tikambirane. Ndinapita m'tauni kwa bambo wina amene amatsuka zithunzi za maukwati. Atatulutsa cha mchira anachitembenuza uku ndi uku.

"Mama, hii ni ndege ama samaki?" anafunsa, kuti kodi ndi mbalame kapena nsomba.

Ndinamuuza kuti ntchito yake ndi kutsuka, kufunsa asiyire apolisi.

Lamlungu masana, titabwerako ku tchalitchi ku Kahawa, a malume anati nthawi yakwana. Sanavule jekete la kutchalitchi. Anakhala pakhonde pamene pali kuwala, anavala magalasi awo, n'kutulutsa m'thumba kagalasi kokulitsira zinthu kamene ankayang'anira mafilimu kale. Amuna anga anakoka mpando kuti aonerere mlandu. Ine ndinasanja zithunzizo mwanzeru zanga: chimbalangondo pamwamba, mchira pansi penipeni.

Anatenga cha chimbalangondo. Anachiyandikiza kumaso, anachitalikitsa, anayendetsa kagalasi kaja pamwamba pake.

"Kuwala kwachuluka," anatero. "Wawotcha pepala."

Chithunzi chimene chinapachikidwa ku Muthaiga! Ndinati malume, taonani miyendo, yonse inayi ilipo, ndinadikira dala. Anati hmm, n'kuchiika pambali. Cha akatumbu anati ndinagwedeza dzanja. Cha mbalame pa thanthwe anati mthunzi ndinauika kolakwika. Ndinaluma mlomo. Ndinali nditakonza kale mawu oti ndiwauze, oti dziko linasintha, oti situdiyo yawo masiku ano anthu amangopitako kukatchajitsa mafoni, oti azungu odziwa ntchito anandiombera m'manja. Mawuwo anali pakamwa penipeni.

Kenako anatenga cha wolirasi, ndipo anachigwira chozondoka, mano ali m'mwamba. Anachiyang'ana nthawi yaitali, nkhope ili yoweruza monga kale, n'kunena kuti munthu uyu ndamuimika pakati kwambiri.

Amuna anga anatsegula pakamwa kuti awauze. Ndinawaponda phazi.

Mkwiyo wonse unandithera pomwepo, m'malo mwake munalowa chisoni chimene sindinachimvepo. Sankaona. Nyama yoyera pa madzi oundana oyera, nyama yotuwa pa thanthwe lotuwa, zonsezo kwa iwo linali pepala lopanda kanthu. Ankadzudzula chifukwa kudzudzula ndi kumene ankatha kuchita osagwidwa. Ndinachedwa. Ndinapita kumapeto a dziko kukatenga zithunzi, maso n'kuweruka ine ndili m'njira.

"Nanga namgumi wanga?" anafunsa, akupapasa pa tebulo.

"Malume, sanatuluke yense."

"Ndapempha nkhani kapena chithunzi? Bweretsa."

Ndinachisolola pansi pa zinzake n'kuwapatsa m'manja, chowongoka. Nthawi yomweyo ndege inadutsa, ndipo tonse tinakhala chete kudikira kuti phokoso lithe. Litatha, ndinayang'ana a malume. Kagalasi kaja anali atakaika pansi. Chala chawo cha mkombaphala chinali pa pepala, pa nsonga ya kumanzere ya mchira, ndipo chinayamba kuyenda. Chinatsata m'mphepete, chinatsika pakati pamene nthambi ziwiri zimakumana, chinakweranso mpaka nsonga ya kumanja, osaphonya ngakhale pang'ono. Chakuda bii pa choyera mbee. Chimenechi ankachiona.

"Mutu uli kuti?"

"Pansi pa madzi, malume."

"Thupi?"

"Pansi pomwepo."

"Ndiye wadula."

"Sindinadule ine. Yadula ndi nyanja."

Anaseka pang'ono, kam'mphuno. Chala chinabwerera pa nsonga ija.

"Chinsomba chimenechi chimayendera chiyani?"

"Mchira womwewo. Ndi umene chimapalasira."

"Ndiye ukulira chiyani? Mapazi ake ndi amenewa. Mutu aliyense angajambule, ngakhale apolisi amajambula mutu. Iwe wabwera ndi mapazi, onse awiri, nsonga zili zonse, malo n'kutsalako uku ndi uku." Anakweza mutu. "Unaima pati?"

"Sindinaime. Ndinakhala m'mphepete mwa kaboti ka mphira."

"Kakugwedera?"

"Kakugwedera, malume. Zala zitauma."

"Ndipo madontho awa ndikuwaona ine, wakhungu." Aka kanali koyamba kutchula mawu amenewo. Amuna anga anayang'ana kumbali. A malume anagogoda pa chithunzicho ndi chala. "Dzanja limeneli silinagwedere. Mphwanga, iwe umajambula."

Ndinadikira kuti atchule kamera. Sanaitchule. Ndinalowa m'khitchini ngati ndikukatereka tiyi, ndipo ndinalira mokwanira, ketulo ikundibisira mawu. Kuomba m'manja kwa m'sitima ndi matambula a ku Muthaiga zonse pamodzi sizinafike pa mawu atatu amenewo. Nditabwera ndi tiyi ndinapeza akuuza amuna anga kuti mwanayu anamuphunzitsa ndi iwo, kuyambira pa tsache.

Atatsala pang'ono kubwerera kumudzi anandituma kuti ndikatsukitse china, cha saizi yolowa m'bolodi. Sanachiike m'chikwama. Anachikulunga m'katoni n'kuchinyamula m'manja mpaka m'ndege, ndipo anakangana ndi mtsikana wa pa chipata amene ankafuna kuchipinda.

Patapita milungu ingapo msuweni wanga, mwana wawo amene amayendetsa situdiyo ija tsopano, ananditumizira chithunzi pa foni. Bolodi ya galasi ili pomwe inali. Akwati aja alimo, ana a ubatizo alimo, mitundu itafwifwa ndi dzuwa, ndipo pakati penipeni, pamene panali aphunzitsi a tayi, pali mchira wa namgumi. A malume aima pambali pake atavala suti, dzanja lili pa galasi. Msuweni analemba kuti masiku ano amakhala pakhomo pamenepo tsiku lonse, ndipo aliyense wobwera kudzatchajitsa foni sachoka asanamve kuti chinsomba cha Yona chinajambulidwa ndi mwana wa mlongo wawo, ali pa kaboti kogwedera.

Ndinachiyang'ana chithunzicho ndikumwetulira, mpaka maso anga anatsikira pansi monga anazolowera. Msuweni wanga, mwana wobadwira m'situdiyo, anawadula bambo ake mu akakolo.

Pa Khirisimasi ndinapita kumudzi ndekha ndi kamera yanga. Ndinapeza maso a a malume atatheratu. Anandizindikira ndi mawu. Ndinawauza kuti avale suti ija, ndipo anatuma mdzukulu kuti apolishe nsapato, iwo akumva ndi chala ngati zasalala. Ndinawagwira dzanja n'kuwaimika pambali pa bolodi, ndinawawongola tayi, ndinawatembenuza chibwano kuti ayang'ane kumene kunali ine. Kenako ndinayamba kubwerera cham'mbuyo, kudutsa khonde, kudutsa ngalande, mpaka ndinaima mumsewu, a njinga akundiimbira mabelu.

"Uli kuti?" anafunsa.

"Ndili pano, malume. Musasunthe."

Ndinadina.

"Nsapato zaoneka?"

"Zaoneka, malume. Zonse ziwiri."